Gitala ya mbawa yomwe inakana kuuma: lipoti la ntchito yopaka mafuta

Gitalayi inafika pashedi yanga ya ukalipentala m'sabata yachiwiri ya Febuluwale, mvula ili pachimake, itakulungidwa m'chitenje. Mwini wake, mnyamata woimba m'bandi ya kutchalitchi kwawo, atayamba kuivundukula, chitenjecho chinkachita kumatuka movutikira, ndipo ulusi wake unatsalira pamsana pa gitala ngati chidindo. Ndinakanikiza chala chachikulu pafupi ndi m'mphepete. Chinakakamira, ndipo nditachichotsa mizere ya chala changa inatsala pomwepo.

"Bambo, patha masabata atatu chipakireni, koma ikukana kuuma," anatero. "Lamlungu lapitalo ndinaiyesa, malaya oyera onse anathimbirira pamimba."

Anaipanga yekha, kwa miyezi pafupifupi khumi, Loweruka lililonse. Maonekedwe anatengera Telecaster, gitala yamagetsi ya kampani ya Fender ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, yomwe ambiri oyamba kumene amaisankha chifukwa thupi lake ndi lafulati ndipo khosi limangomangidwa ndi masikuluu anayi. Thupi linali la matabwa awiri a mbawa olumikizidwa pakati ndi guluu woyera, lokhuthala mamilimita 44. Khosi linalinso la mbawa, koma thabwa la pamwamba pake, pomwe pamayenda zala, linali la phingo. Kuchokera pamwamba pomwe nsambo zimayambira kukafika pa bridge, chitsulo chomwe nsambo zimatsamira pathupi, panali mamilimita 648, monga zimakhalira pa magitala a mtunduwu. Ma pickup, omwe ndi maginito otola kulira kwa nsambo, ndi zitsulo zina anazula pa gitala yakale yothyoka khosi. Luso linalipo ndithu. Khosi linkalowa m'mphako yake thithithi, moti mutanyamula khosi lokha thupi linkadzuka nalo popanda sikuluu. Amisiri ena a zaka zambiri zimenezi zimawakanika.

Anasankha mafuta chifukwa analibe kompuresa kapena makina opopera penti, komanso anamva kuti mafuta ndi osavuta. Anagula kumsika, m'botolo lopanda dzina, otungidwa m'chigubu chachikulu, ndipo wogulitsa anamuuza kuti ndi linseed, mafuta opaka matabwa. Anapaka ndi burashi ngati akupaka vanishi pachitseko: koti imodzi tsiku lililonse kwa masiku anayi, yonenepa, osapukuta. Anapaka paliponse, mpaka m'mphako za ma pickup ndi pathabwa la phingo.

Zomwe ndinapeza

Nditamasula zitsulo zonse ndi kuika thupi pafupi ndi zenera, mavuto anaoneka anayi. Loyamba ndi kunandako, komwe kunali koipa kwambiri kumutu ndi kumatako kwa thupi, komwe mitsempha ya thabwa imathera n'kumamwa chilichonse ngati bango. Lachiwiri linali mzere wotuwa wotsatira polumikizira matabwa, wotambalala ngati chala: guluu yemwe anapukutidwa ndi nsanza yonyowa n'kulowa m'thabwa, ndiye mafuta analephera kudutsa. Lachitatu linali mikwingwirima yopingasa, zizindikiro zoti anasiyira pa sandipepa ya 120, yomwe ndi yokhakhala, ndipo ankapala mopingasa. Pathabwa louma sizioneka, koma mafuta amazidetsa n'kuziika poyera. Lachinayi linali phula lakuda lomwe linaunjikana m'mbali mwa freti iliyonse, tizitsulo topingasa tija ta pakhosi.

Ndisanagwire chida chilichonse ndinafuna kudziwa kuti m'botolomo munali chiyani, chifukwa chochita chimadalira pamenepo. Mafuta a linseed sauma monga amaumira madzi, omwe amangouluka. Amauma pomwa mpweya: akakumana ndi okosijeni amagwirana okhaokha n'kulimba. N'chifukwa chake koti yonenepa imavuta. Pamwamba pamachita kakhungu, kakhunguko n'kutsekereza mpweya, zapansi n'kukhala zamadzimadzi kwa nthawi yaitali. Linseed yaiwisi imachedwa masiku ambiri ngakhale itapakidwa mopyapyala. Yomwe timagula yolembedwa kuti boiled masiku ano siiphikidwa ayi, amangoithira mankhwala a cobalt kapena manganese ofulumizitsa kuuma, ndipo pa nyengo yabwino imagwira pakatha tsiku limodzi kapena awiri.

Choyesera changa ndi chidutswa cha galasi la zenera. Ndinadontheza dontho la mafuta ake mbali imodzi, dontho la linseed ya boiled ya m'shedi mwanga mbali ina, n'kuwayala ndi chala mopyapyala, kenaka n'kuika galasilo pashelufu. Galasi silimwa kanthu, ndiye silinama. Pofika tsiku lachiwiri, mbali yanga inali itagwira. Mbali yake, patatha sabata yathunthu, inali yoterera ngati ya dzulo, yosachita ngakhale kakhungu m'mphepete. Linseed yaiwisi yeniyeni ikanayamba kale kunanda. Ndinagamula kuti mafutawo anali osakaniza ndi ena osauma konse, ndipo kudikira sikukanathandiza, ngakhale mpaka chilimwe.

Mnyamatayo anabwera ndi nzeru yomwe anapatsidwa ndi kalipentala wa kwawo: kungopaka vanishi pamwamba, zonse zibisike. Ndinakana. Vanishi yokhala pa mafuta osauma ilibe pogwira. Imachita makwinya, kapena imauma bwino n'kudzasupuka ngati khungu la njoka mkono ukayamba kukhulapo. Pamenepo ntchito yochotsa imakhala yowirikiza. Njira inali imodzi yokha, kubwerera kuthabwa loyera. Nkhope yake inagwa, ndipo ndinamumvetsa, chifukwa ankafuna kuti aiimbe pa Pasaka. Ndinamuuza kuti tikayamba lero n'zotheka, koma akapaka vanishi adzaiimba Pasaka imodzi yokha.

Kuchotsa zakale

Sandipepa pa mafuta onanda ndi kutaya ndalama, imatsekeka musanapale kawiri. Ndinayamba ndi chopalira chachitsulo, chija chafulati chonola m'mphepete, kukokolola phala lonse lapamwamba. Kenaka ndinatsuka ndi turpentine, chosungunulira mafuta ndi penti, kupukuta ndi nsanza yoyera, kutsukanso, mpaka nsanza inasiya kubwera yachikasu. Usiku ndinkakwirira thupilo mu utuchi wouma wa paini kuti uzikoka zotsala, m'mawa n'kuutaya kutali ndi shedi. Dzuwa likatuluka ndinkaliika panja kwa mphindi makumi awiri zokha mbali iliyonse. Kutentha kumatulutsa mafuta m'timabowo, mumachita kuwaona akutuluka ngati thukuta, ndiye mumapukuta msangamsanga ndi chosungunulira china chotchedwa acetone asanabwerere. Kupitirira pamenepo n'kuputa ming'alu, makamaka polumikizira.

Zimenezi zinatenga masiku asanu ndi anayi. Kumaso ndi kumsana kunayera msanga, koma kumatako, pafupi ndi pomangira lamba, thukuta lija linkabwerabe pang'onopang'ono. Pamenepo ndinayenera kusankha: kudula mamilimita angapo n'kusintha maonekedwe a gitala ya mwini, kapena kuvomera kuti pakhale kachilema. Ndinamufunsa. Anati tisadule.

Popala kumaso ndinkayeza pafupipafupi, ndipo anzanga opanga mipando apa asamale. Patebulo kuchotsa milimita imodzi si nkhani. Pagitala, bridge imakhala pankhope yomweyo pamene khosi limakhala pansi pa mphako yake, ndiye mukachotsa zambiri kumaso bridge imatsika koma khosi silitsika, nsambo n'kuyamba kukhula mafreti. Ndinachotsa pafupifupi theka la milimita, zomwe timasikuluu ta pa bridge timabweza mosavuta, ndipo pansi pa mphako ya khosi sindinapalepo, ndinangotsuka. Mzere wa guluu uja unachoka ndi chopalira. Kenaka sandipepa motsatira mitsempha: 120, 180, 220, 320. Pambuyo pa 220 ndinapukuta ndi nsanza yonyowa pang'ono kuti ubweya wa thabwa udzuke, litauma n'kuumeta ndi 320. Chomaliza ndinapaka turpentine thupi lonse n'kuyang'ana lisanaume, chifukwa thabwa lonyowa limaonetsa zomwe mafuta adzaonetse. Ndinapeza mikwingwirima iwiri m'kati mwa nyanga ya thupi, n'kubwereranso.

Thabwa la phingo linali nkhani ina. Mtengo umenewu ndi wothina kwambiri ndipo uli ndi mafuta akeake, ndiye simumwa zomwe mwapakazo, komanso mafuta a mitengo ya mtundu umenewu amachedwetsa kuuma kwa zopaka. Ndinakokolola phula lija ndi lumo m'mbali mwa freti iliyonse, n'kutsuka ndi acetone pang'ono, basi. Sindinapakenso kanthu. Phingo mukalipukuta bwino limawala lokha.

Kusankha mafuta

Opanga magitala kunja amakonda Tru-Oil, ya kampani ya ku America ya Birchwood Casey, yomwe poyamba inapangidwira zogwirira za mfuti. Ndi yabwino, koma inafunika kuitanitsa, ndipo thumba la mnyamatayo silikanalola. Mafuta a tung ndiwo ena, olimba ku madzi kuposa linseed. Ndinawasaka m'mashopu omwe ndimagulamo osawapeza, n'kumaseka ndekha pokumbukira kuti mzinda wa Mzuzu unakula pozungulira esiteti ya mitengo ya tung yomwe inatsegulidwa mu 1947.

Ndinasakaniza ndekha, magawo atatu ofanana: linseed ya boiled, vanishi ya polyurethane yosungunuka ndi turpentine, ndi turpentine weniweniyo. Zomwe amagulitsa pa dzina la Danish oil ndi za banja lomweli. Linseed imalowa m'thabwa n'kutulutsa kufiira kwa mbawa, vanishi imapereka kulimba komwe linseed yokha ilibe, turpentine amapepusa kuti zilowe ndi kupukutika. Pa gitala, yomwe imakumana ndi thukuta la mkono sabata iliyonse, linseed yokhayokha ndi yofewa.

Mwamwayi mnyamatayo anasunga zidutswa zomwe zinatsala podula thupi. Chimodzi ndinachipala n'kuchipaka, chinauma m'maola 24. Koma chimenecho sichinayankhe funso lenileni, loti kaya zosakanizazi zigwira pathabwa lomwe linamwapo mafuta oipa aja. Ndiye ndinayesa pathupi lenilenilo, pamalo omwe amadzabisika pansi pa pulasitiki ya kumaso. Panatenga masiku awiri, koma panauma gwa, chikhadabo osalowa. Apa mpamene ndinalimba mtima.

Kupaka, ndi pomwe ndinalakwitsa

Ndinamangirira kamtengo m'mphako ya khosi ndi masikuluu awiri kuti chikhale chogwirira ndi chopachikira kudenga. Mphako ya khosi ndi za ma pickup ndinazimata ndi tepi. M'mphako ya khosi simufunika kanthu, chifukwa chilichonse chounjikana mmenemo chimasintha kakhalidwe ka khosi.

Koti yoyamba ndinathira mowolowa manja ndi kansanza, n'kumawonjezera pomwe pakumwa, kwa mphindi khumi ndi zisanu. Kenaka ndinapukuta ndi nsanza youma mpaka thabwa linaoneka ngati sindinapake. Mnyamatayo anaima pambali akuyang'ana. "Nanga bambo, mukuchotsanso zonse?" Ndinamuuza kuti zomwe thabwa lamwa ndizo zathu, zotsala pamwamba ndizo zinamudetsera malaya.

Cholakwa changa chinabwera tsiku lomwelo. Nditapukuta cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinapachika thupilo kudenga n'kupita kukapereka makabati kwa kasitomala. Masana dzuwa linang'amba, malata anatentha, ndipo thupilo linali pafupi nawo. Pobwera madzulo ndinapeza nkhope yonse ili ndi timadontho towala, tambirimbiri, ngati mame. Mbawa ili ndi timabowo totseguka. Mafuta amabisala mmenemo, mpweya wa m'kati ukatentha umawakankhira kunja, ndipo akapanda kupukutidwa amaumira pomwepo. Ndinkadziwa zimenezi kuyambira kale pa matebulo, koma tsikulo ndinathamangira ndalama ya makabati. Timadonthoto tinali titayamba kulimba, nsanza youma inkangotidumpha. Ndinanyowetsa sandipepa ya 400 ndi zosakaniza zomwezo n'kukhula pang'onopang'ono mpaka tonse tinasungunuka. Kuyambira pamenepo ndinkapaka madzulo, kutentha kukutsika, n'kumabwerera kudzapukuta pakatha theka la ola lililonse kwa maola atatu, ndipo ndinatsitsa chopachikira kuchoka kumalata.

Ngoziyo inandilowetsa msanga pa gawo lomwe ndinali nditakonza kale. Kukhula ndi sandipepa yonyowa ndi mafuta kumapanga kaphala kofiirira, kosakaniza fumbi la mbawa ndi mafutawo. Kaphalako ndinkakakankhira m'timabowo ndi chikhatho mozungulira, n'kudikira mpaka kayambe kulemera, kenaka n'kupukuta mopingasa mitsempha. Mukapukuta motsatira mitsempha mumakokolola zomwe mwangodzaza kumene. Ndinachita zimenezi kawiri, ndipo pakati pake ndinasiya masiku awiri chifukwa mvula inabwereranso ndipo chinyezi chinkachedwetsa kuuma. Timabowo titatsekeka, thukuta lija linasiya.

Makoti asanu otsatira anali opyapyala kwambiri, madontho ochepa pakansanza kopinda, kuyala, kupukuta. Sindinkatsata kalendala. Ndinkagunda ndi kumbuyo kwa chala ndi kununkhiza, ndipo pakakhala kukakamira ngakhale pang'ono ndinkasiya tsiku lina. Khosi ndinalipatsa makoti anayi okha, chifukwa woimba safuna khosi lowala, amafuna lotereka chikhatho chikachita thukuta.

Nkhani ya nsanza ndiilembe payokha, chifukwa inatsala pang'ono kutentha shedi. Mnyamata yemwe ndikumuphunzitsa ntchito anasesa madzulo ena, n'kutola nsanza zonse zamafuta, kuzifinya pamodzi n'kuziponya m'katoni ya utuchi. Ndinabwerera kudzapukuta kachitatu cha m'ma 8 koloko usiku, ndipo nditatsegula chitseko ndinamva kafungo kowawa, ngati mafuta opserera m'chiwaya. Ndinapisa dzanja m'katonimo n'kulibweza msanga. Pakati pa mpirawo nsalu inali itayamba kuda. Kumwa mpweya komwe kumaumitsa linseed kumatulutsanso kutentha. Pathabwa kutenthako kumabalalika, koma m'nsanza younjika kulibe kothawira, ndipo moto umabuka wokha popanda machesi. Tsopano pakhomo pa shedi pali ndowa ya madzi, ndipo nsanza iliyonse imalowa mmenemo kapena imayanikidwa yotambasula pawaya panja mpaka iume gwa. Wophunzira wangayo sindinamukalipire kwambiri, chifukwa ndinali ndisanamuuzepo.

Koti yomaliza itatha ndinasiya thupilo lipachikike masabata awiri osaligwira. Kuuma koti mungagwire ndi kwina, kulimba koti mungamangepo zitsulo ndi kwinanso. Mukafulumira, bridge imadinda chizindikiro chake n'kumatirira. Mwini wake ankabwera pafupifupi tsiku lililonse, n'kumazungulira gitala yake ngati nkhuku yofuna kuikira.

Tinakanganako pang'ono za kuwala. Iye ankayembekezera galasi ngati la magitala a m'shopu, omwe amapoperedwa zokhuthala n'kupukutidwa ndi makina. Mafuta sapereka zimenezo. Amapereka kuwala kofatsa, thabwa n'kumamveka thabwa mukaligwira. Izi ndikanamuuza tsiku loyamba, ndipo tsopano ndimasunga kachidutswa kopakapaka koonetsa makasitomala tisanagwirizane. Anandifunsanso ngati n'zoona kuti gitala yamafuta imalira bwino chifukwa thabwa limapuma. Ine sindikhulupirira zimenezo pa gitala yamagetsi ya thupi lodzaza. Mawu ake amadalira ma pickup, nsambo, ampu ndi zala. Ubwino wa mafuta uli m'manja komanso pokonza ikakalika.

Zomwe zinachitika pambuyo pake

Titamanga zonse ndi kuilumikiza ku ampu, inkalira "mmm" kosalekeza, ndipo kugwira nsambo sikunkachepetsa. Pa gitala yolumikizidwa bwino phokosoli limatsika mukagwira nsambo. Ndinamasula bridge n'kupeza kuti nsonga ya waya wa earth, wothandiza kuchepetsa phokosolo, womwe umapanikizidwa pansi pake, inali itakutidwa ndi zopaka zathu. Kupala nsongayo ndi lumo kunathetsa vutolo. Tepi ya kopa yotchingira phokoso inakana kumata m'mphako za ma pickup, momwe mafuta akale analowa kwambiri, mpaka ndinatsukanso ndi acetone n'kuigwiriziza ndi timasikuluu tiwiri.

Anaitenga kutatsala masiku ochepa kuti Pasaka ifike. Patatha sabata ziwiri anaibweretsanso, akuti ma pickup amera ndevu. Anafuna kusalaza khosi ndi steel wool yotsukira mapoto, gitala ili yomangamanga, ndipo tizitsulo tonse tinathamangira ku maginito n'kuima njo pamitu ya ma pickup. Kupukuta ndi nsanza kumangotikankhira m'kati momwe muli waya wopyapyala ngati tsitsi. Ndinatichotsa ndi tepi, kumata ndi kumatula kambirimbiri. Steel wool ya mapoto inali itakalanso khosi, ndiye ndinalisalaza ndi sandipepa ya 600 n'kupakanso koti imodzi. Ndinamupatsa kabotolo ka zosakaniza zija, ndi kachidutswa ka galasi koti aziyeserapo kaye asanapake.

Ndinaionanso mu Novembala, itaimbidwa Lamlungu lililonse ndi m'misonkhano ya chitsitsimutso m'nyengo yotentha ija. Mbawa inali itafiira mozama. Pomwe pamatsamira mkono panali patathima ndi kuda pang'ono chifukwa cha thukuta, ndipo kumsana kunali mikwingwirima ya chitsulo cha lamba wa buluku. Tinamasula nsambo, kumata ma pickup ndi tepi, kutsuka malowo ndi turpentine, kukhula ndi 600 yonyowa ndi kupaka kawiri m'masiku atatu. Polekezera zatsopano ndi zakale sipaoneka. Khosi sitinalikhudze, iye anati ndi lomwe amalikonda kuposa zonse.

Kumatako kuja, pafupi ndi pomangira lamba, pali kamalo kokula ngati ndalama yachitsulo komwe sikanawale mpaka lero. Sikananda, sikadetsa malaya, koma kukatentha kwambiri kamaoneka konyowa pang'ono, ndipo iye amangokapukuta ndi nsonga ya lamba asanakwere kutsogolo.